Momwe mungadziwire pamene filimu yalimba ndi pamene yafooka

Mukafunsa munthu amene wangomaliza kuonera filimu kuti inali bwanji, yankho limakhala lakuti "inali bho" kapena "yobowa", basi nkhani yathera pomwepo. Mukamupanikiza kuti afotokoze, amayamba kukusimbirani nkhani yonse kuchokera pachiyambi. Komatu kusimba nkhani si kuweruza filimu. Filimu imodzi yomweyo imatha kukhala ndi mphindi zingapo zoti simudzaziiwala komanso theka la ola loti likanangodulidwa, ndipo luso lagona pa kuloza chala pamalo enieniwo n'kunena chifukwa chake. Ndikuonetsani mmene ine ndimachitira ndi mitundu iwiri imene ndimaikonda: mafilimu a sewero, aja ofotokoza za moyo wa anthu opanda makarate ndi magalimoto othamangitsana, ndi ma documentary a oyimba. Mphamvu ya filimu ndimaifufuza ndi khutu. Kufooka kwake ndimakupeza kawirikawiri pa zimene yasankha kusanena.

Musanayambe kuonera

Pezani filimu yeniyeni, osati yomasuliridwa ndi DJ. Musandimve molakwa, anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ndimawapatsa ulemu, ndipo ena ndi oseketsa kuposa filimu imene akumasulirayo. Vuto ndi lakuti DJ amayankhula pamwamba pa chilichonse, ngakhale pamene wopanga filimu anafuna kuti pakhale zii, ndiye mukaonera yotero mukuweruza DJ, osati filimu. Pewaninso zija zopanikizidwa kwambiri kuti zisadye bandulo, chifukwa zoyamba kuwonongeka mu fayilo yaing'ono ndi mawu ndi zithunzi za usiku. Mahedifoni, ngakhale otchipa a pamsika, amaposa sipika ya foni kutali.

Koyamba onerani osaimitsa. Khalani ndi kapepala pambali, mulembepo zinthu ziwiri zokha: mphindi imene munaiwala kuti muli m'nyumba, ndi mphindi imene dzanja linapita lokha ku foni kukaona mauthenga. Chifukwa chake musalembe, lembani nthawi yokha. Mawa lake mubwerere pa mphindi zimenezo mutu utazizira.

Tsinzinani kaye

Pa mphindi iliyonse imene munalemba, tsinzinani, mumvere ndi makutu okha. Funsani kuti mukumva chiyani kupatula mawu a anthu.

Filimu imene inandiphunzitsa zimenezi kuposa ina iliyonse ndi The Zone of Interest ya Jonathan Glazer, ya 2023. Ikukamba za banja la Rudolf Höss, mkulu wa msasa wa Auschwitz ku Poland kumene chipani cha Nazi chinapherako anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo Ayuda. Nyumba ya banjali yagundana ndi mpanda wa msasawo. Maso anu amaona mayi akusamalira maluwa, ana akusambira, antchito akuyanika zovala. Zochitika kuseri kwa mpanda kamera sizionetsa. Koma kumbuyo kwa macheza a banjali kumamveka agalu, mfuti apa ndi apo, kukuwa kwa munthu chapatali, sitima ikufika, ndi kulindima kosalekeza kwa ng'anjo. Palibe wa m'nyumbamo amatembenuka. Mukaionera pa sipika ya foni muli mu minibasi, mudzati ndi filimu yotopetsa ya mayi wokonda maluwa. Inapata mphoto ya Oscar ya kamvekedwe ka mawu mu 2024, ndipo m'pomveka, pakuti theka la nkhaniyo lili m'makutu.

Tsopano yesani muyeso womwewo mbali inayo. Kodi nyimbo ya kumbuyo yayamba kulira munthu asanatsegule n'komwe pakamwa? Imeneyi ndi nthenda ya mafilimu ambiri a sewero, akunja ndi athu omwe: kiyibodi imathamangira kukuuzani kuti apa lirani, chifukwa wopanga sakukhulupirira kuti nkhope ya wosewerayo ingakulizeni payokha. Tsitsani mawu, muonere malo omwewo opanda nyimbo. Ngati chisoni chatha, chinali cha kiyibodi.

Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya 2023, ili ndi zonse ziwiri. Kwa maola atatu nyimbo siipuma kwenikweni, mwakuti pena imameza zimene anthu akunena. Koma pofika poyesa bomba loyamba la atomiki m'chipululu cha New Mexico mu July 1945, zonse zimadulidwa. Kumang'anima, moto ukukwera kumwamba, inu mukungomva kupuma kwa anthu. Kugunda kumafika mochedwa, monga mmene zimakhaliradi chinthu chikaphulika patali. Malo amenewa ndi amphamvu chifukwa filimuyo inalolera kukhala chete, ndipo amakuonetsani zimene malo enawo akusowa.

Khutu la ife a Chichewa lili ndi ntchito ina yapadera pa The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatsogolera ndipo inatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi n'kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zotola kudzala. Anaijambulira kwathu konkuno, ndipo zimene maso amaona n'zoona: dothi lofiira long'aluka, anthu akukanganirana chimanga pa depoti, banja likugwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku, Gule Wamkulu pamaliro. Amene anaona njala ya 2001 ndi 2002 sangaonere malo amenewa mtima uli m'malo. Koma tsinzinani. Ejiofor anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, Maxwell Simba amene anasewera William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga amene anasewera mayi ake anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Chichewa chawo n'choloweza: mawu amakwera pamene ife timatsitsa, amaduka pakati pamene ife timakoka. Akayankhula Lily Banda, amene anasewera mlongo wake wa William, khutu limapumula nthawi yomweyo. Mzungu wowerenga mawu olembedwa pansi samva kusiyana kulikonse, kwa iye zonse zili bwino. Kwa ife, pamalo ena oti tikanalira timayamba kumwetulira.

Ine ndimawayamikira kuti analimba mtima kugwiritsa ntchito Chichewa m'malo mongoyankhula Chingerezi, komabe kufooka ndimakutchula kufooka. Phunziro lake pa kuweruza ndi lakuti filimu ikhoza kulimba kwa omvera ena n'kufooka kwa ena, choncho muzinena kuti mukuimva muli mbali iti. Ndipo mukamaonera Io Capitano ya 2023, ya anyamata awiri a ku Dakar odutsa m'chipululu cha Sahara ndi ku Libya pofuna kukafika ku Italy, kumbukirani kuti pa Chiwolof chawocho inuyo ndinu mlendo uja wowerenga pansi. Zithunzi ndi nkhope mungaweruze, katchulidwe asiyireni eni ake.

Onani ngati munthu akunena zonse zimene akuganiza

Sewero labwino limakhala ndi anthu amene pakamwa pakunena china, nkhope ikunena china. Sankhani malo amodzi pamene anthu awiri akukambirana, mudzifunse kuti aliyense akufuna chiyani ndipo akubisa chiyani. Ngati palibe chobisika, ngati aliyense akungotula za mumtima mwake ndi phunziro lomwe, malowo ndi ofooka ngakhale kamera ikhale yodula bwanji.

Pa ichi sindinaone filimu ya m'dera lathu lino yoposa On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni wa ku Zambia, amene anapata nayo mphoto ya wotsogolera wabwino m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France mu 2024. Ambiri anamudziwira pa I Am Not a Witch ya 2017. Ndikhudzako nkhani yake pang'ono, amene simunaionere mundikhululukire. Shula akuyendetsa galimoto usiku kuchokera ku phwando, ndipo akupeza mtembo wa malume ake a Fred uli gone pamsewu. Sakukuwa, sakulira. Akungoimbira foni bambo ake, n'kukhala m'galimoto kudikira. Kuyambira pamenepo funso lili m'mutu mwanu ndi lakuti mwana wamkazi ameneyu wauma mtima chifukwa chiyani, ndipo palibe amene akuimirira kukufotokozerani.

Zotsatira zake aliyense amene anagonapo pa siwa adzazizindikira, ngakhale chiyankhulo ndi Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi. Amayi akulowa m'nyumba chokwawa akulira mokweza. Atsikana ali kukhitchini usiku wonse kuphikira amuna amene akhala panja. Amayi ake aakulu ndi aang'ono akumukalipira Shula kuti bwanji sakutulutsa misozi, anthu aziti chiyani. Mkazi wamasiye, mtsikana wamng'ono wa ana ambiri, akumunena kuti sankasamala mwamuna, uku maso a achibale ali pa katundu. Pang'onopang'ono mumazindikira kuti malume aja ankagwiririra ana a m'banjamo, ndi kuti akuluakulu ankadziwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chimene chimandigwira n'chakuti amayi aja sanawapange kukhala afiti. Amawakondadi atsikanawo, amawakumbatira, amawaimbira, ndipo ndi chikondi chomwecho amawatseka pakamwa. Wolemba waulesi akanaika mayi mmodzi woipa ndi mayi mmodzi wabwino kuti tisavutike kusankha.

Kufooka kwake kulipo. Malo ena a maloto, monga a madzi osefukira m'nyumba, amatha kukusokonezani osadziwa ngati zikuchitikadi, ndipo si onse amene amabweza phindu. Ena amadandaulanso kuti imatha mlandu usanagamulidwe. Pamenepo ine sindivomereza. Kusagamula mlandu ndi kulephera kumaliza nkhani n'zosiyana. Anatomy of a Fall ya Justine Triet, imene inapata Palme d'Or, mphoto yaikulu ya ku Cannes, mu 2023, imathera m'bwalo la milandu ku Grenoble ndi chigamulo chenicheni, komabe mumatuluka musakudziwa ngati mayi uja anakankha mwamuna wake kapena mwamunayo anadziponya yekha. Umboni waukulu ndi mkangano wa m'nyumba umene mwamunayo anajambula mawu ake mobisa, ndipo mukaumvera kawiri mumasintha mbali. Mwana wawo wosaona bwino ndi amene akuyenera kusankha chokhulupirira. Filimu yotere yamaliza ntchito yake, pakuti funso lasiyidwa dala ndipo zonse zofunika kuti muliganizire mwapatsidwa. Yolephera ndi ija imene pa mphindi zisanu zomaliza kumatulukira kalata, m'busa kapena wapolisi wodzakonza zonse.

Mafilimu athu ambiri amagwera pa kulalikira. Tinakulira pa zisudzo za pa siteji ndi za pa wailesi, ndipo zambiri zinkabwera ndi uthenga wa amene analipira, wa Edzi, wa katemera, wa nkhanza za m'banja. Chizolowezicho chinatsalira. Munthu ali pakati pa mkangano ndi mkazi wake, mwadzidzidzi amasanduka ngati nkhoswe pa ukwati, kuyamba kulangiza dziko lonse. Mukaona zotero lembani mphindi yake. Kumene ife timalimba ndi malo. The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya 2017, yonena za amayi awiri oyendayenda mu Blantyre, imene inali filimu yoyamba Malawi kutumiza ku mpikisano wa Oscar, ndi Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu, zili ndi misewu, misika ndi nyumba zimene palibe situdiyo ingamange. Poweruza filimu yathu muzisiyanitsa kusowa kwa ndalama ndi kusowa kwa maganizo. Mphepo yolira mu maikolofoni ndi kuwala kosinthasintha mungakhululukire, ngakhale nazonso zimakonzeka ndi chidwi chabe. Zokambirana zopanda moyo sizifuna ndalama kuti zikonzeke, zimafuna kulembanso.

Za kutalika ndinene mwachidule. Filimu yaitali si yolakwa, funso ndi lakuti nthawiyo yapatsidwa kwa ndani. Killers of the Flower Moon ya Martin Scorsese ndi ya mphindi 206, yonena za kuphedwa kwa anthu a mtundu wa Osage ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1920 chifukwa cha chuma cha mafuta. Mtima wa filimuyo ndi Mollie, amene Lily Gladstone anamusewera modekha kwambiri. Koma iye akangodwala n'kugona, nthawi yochuluka imapita kwa amuna awiri omupweteka, amene akuseweredwa ndi Leonardo DiCaprio ndi Robert De Niro. Pamenepo m'pamene dzanja langa limapita ku foni.

Mukafika pa oyimba, yambirani kumapeto

Documentary ya woyimba ndimayamba ndi mayina aja amayenda kumapeto amene aliyense amawadumpha. Fufuzani ma producer. Chifukwa chake n'chosavuta: filimu ya woyimba imafuna nyimbo zake, nyimbo zimafuna chilolezo, ndipo chilolezo chili m'manja mwa banja, kampani yojambula nyimbo kapena woyimbayo mwini. Amene wagwira nyimbo wagwiranso lumo.

Yerekezani mafilimu awiri a Bob Marley. Bob Marley: One Love ya 2024 ndi sewero, Kingsley Ben-Adir akusewera Bob, ndipo mwa ma producer muli mkazi wake Rita ndi ana ake Ziggy ndi Cedella Marley. Ili ndi zabwino zake. Sinayese kunyamula moyo wonse, inatenga zaka zochepa, kuchokera pamene anamuwombera kunyumba kwake ku Kingston mu December 1976, kudutsa ku London kumene anajambula chimbale cha Exodus, mpaka kubwerera kwawo mu 1978. Oseweranso sanawongole Chingerezi cha ku Jamaica pofuna kusangalatsa alendo. Koma pamene pali minga imadutsa chothamanga. Za akazi ena ndi ana obadwa kunja kwa banja zimangotulukira pa mkangano umodzi ndi Rita, kenako nyimbo n'kuyambanso. Tsono onerani Marley ya Kevin Macdonald ya 2012. Nayonso banja linaikapo dzanja, komabe Rita ndi Cindy Breakspeare, chibwenzi cha Bob, onse akuyankhula, ndipo Cedella akunena za bambo ake ndi nkhope ya mwana amene chilonda sichinapole. Ikufikanso ku Zimbabwe mu April 1980, pamene Bob anaimba pa chikondwerero cha ufulu mu Rufaro Stadium utsi wokhetsa misozi uli tolo. Ndiye kupezeka kwa banja pakokha si mlandu. Muyeso ndi uwu: kodi muli munthu ngakhale mmodzi amene wanena chinthu chowawa, kamera osamuthawa? Amy ya Asif Kapadia ya 2015 inafika poti bambo ake a Amy Winehouse anaikana poyera chifukwa cha mmene inawaonetsera. Sizikutanthauza kuti filimuyo inalondola zonse, koma zikusonyeza kuti lumo silinali m'manja mwawo.

Kenako sankhani mfundo imodzi yaikulu, ija imene yakulizani, mukaifufuze pa intaneti. Imodzi yokha ikukwana. Mu Bohemian Rhapsody ya 2018, Freddie Mercury akuuza anzake a gulu la Queen kuti ali ndi kachilombo atatsala pang'ono kukaimba pa konsati yaikulu ya Live Aid mu 1985, ndipo n'chifukwa chake kuimba kwa kumapeto kumakhudza mtima chomwecho. Zoona zake n'zakuti anamupeza ndi kachilomboko mu 1987. Sewero limaloledwa kusuntha zinthu, koma muzidziwa kuti misozi yanu ina anaigula ndi kalendala yabodza.

Documentary ilibe chilolezo chotero, komabe imanama mwa kusiya. Searching for Sugar Man, imene inapata Oscar mu 2013, ndi yakale pang'ono koma palibe chitsanzo choposa icho. Sixto Rodriguez wa ku Detroit anatulutsa zimbale ziwiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kwawo sizinagulidwe, iye n'kubwerera ku ntchito ya zomangamanga. Ku South Africa nyimbo zake zinafala kwambiri iye osadziwa, mphekesera zikuti anadzipha pa siteji. Amuna awiri anamufufuza, anamupeza wamoyo, ndipo mu 1998 anakaimba ku Cape Town holo itadzaza. Nkhani yokoma zedi. Chimene filimuyo sinena n'chakuti Rodriguez anali atakaimba kale ku Australia mu 1979 ndi 1981 pamaso pa anthu ambiri. Akanazinena zimenezi, zikanachepetsa chozizwitsa. Onaninso makamu a anthu ovina mu filimuyo: South Africa amene ankamvera Rodriguez anali makamaka achinyamata achizungu, osati a ku Soweto. Ndipo funso la kumene kunapita ndalama za zimbale zonsezo limafunsidwa, kenako n'kutayidwa panjira.

Kodi nyimbo akuilola kutha?

Ili ndi funso losavuta koma limagwetsa ambiri. Nyimbo ikangoyamba kukoma, amaidula n'kuika munthu wokhala pampando akutiuza kuti nyimboyo inali yokoma. Werengani kuti ndi nyimbo zingati zimene mwamva kuchokera poyamba mpaka pomaliza.

Summer of Soul ya Questlove, ya 2021, ili ndi nthenda imeneyi pang'ono, koma zabwino zake n'zochuluka. Mu 1969 ku Harlem mu New York kunachitika chikondwerero cha nyimbo kwa masabata angapo, kunaimba Stevie Wonder, Nina Simone, B.B. King, ngakhalenso Hugh Masekela wa ku South Africa. Zonse zinajambulidwa, matepi n'kukhala mosungira pafupifupi zaka 50 opanda wowafuna. Pali malo pamene Mahalia Jackson, atatopa, akupempha Mavis Staples kuti amuthandize nyimbo yauzimu imene Martin Luther King ankaikonda, patangotha chaka chimodzi chimuphereni. Staples akuyamba, Jackson akuimirira, kenako awiriwo akugawana maikolofoni imodzi. Apa wodula filimu anadziwa kusunga lumo m'thumba. Nzeru ina imene anachita ndi yoonetsa oyimbawo, tsopano atakalamba, akudzionera okha pa kanema. Nkhope ya Marilyn McCoo, mmodzi wa oyimbawo, akudziona ali mtsikana ikunena zambiri kuposa katswiri aliyense wa mbiri. Pamalo ena, makamaka pakati, ndinkalakalaka olankhulawo atangodikira nyimbo ithe.

Funso lachibale ndi lakuti kodi akukuonetsani ntchito, kapena akungokuuzani kuti munthuyu anali ndi mphatso. The Beatles: Get Back ya Peter Jackson, ya 2021, ndi ya maola pafupifupi 8 m'magawo atatu, yochokera pa matepi a January 1969. Muli malo pamene Paul McCartney akungokwapula gitala ya besi opanda mutu weniweni, George Harrison akuyasamula, ndipo m'mphindi zochepa nyimbo ya "Get Back" imene dziko lonse likuidziwa ikutuluka inu mukuona. Palibe wofotokoza. Aliyense amene anakhalapo pa pulakatisi ya kwaya kapena ya bandi adzazindikira zonse, kuchedwa, tiyi, nthabwala, ndi mnzawo kunyanyala n'kuchoka. Mtengo wake ndi kutalika, ndipo gawo lapakati limafuna kupirira. Zithunzi anaziyeretsanso ndi kompyuta mpaka nkhope zina zikuoneka zosalala mopitirira. Musaionere tsiku limodzi.

Amene sakuyankhula ndani?

The Greatest Night in Pop ya 2024 pa Netflix ndi yosangalatsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ili ndi wotchi: usiku umodzi wokha, 28 January 1985, oyimba otchuka a ku America atsekeredwa mu situdiyo ku Los Angeles pansi pa Quincy Jones kuti ajambule "We Are the World" kusanache. Mumaona Bob Dylan atasokonezeka osadziwa mmene angaimbire mzere wake, Stevie Wonder n'kukhala pa piyano kumuyerekeza mawu ake kuti amuonetse njira. Stevie yemweyo akuti aikemo mawu a Chiswahili, mpaka wina kumukumbutsa kuti ku Ethiopia sayankhula Chiswahili. Ndinaseka, koma kenako ndinadzifunsa kuti anthu a ku Ethiopia amene njala yawo inasonkhanitsa akatswiri onsewa ali kuti mu filimuyi. Sakumveka kwenikweni, ndipo za mmene thandizolo linayendera sitiuzidwa zambiri. Lionel Richie, amene analemba nawo nyimboyo, ndi mmodzi wa ma producer komanso wosimba wamkulu.

Funso limeneli limakula oyimba akakhala athu, wojambula ali wakunja. WITCH: We Intend to Cause Havoc ya 2019, ya Gio Arlotta wa ku Italy, ikutsata Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleri wa bandi imene inagwedeza Zambia m'zaka za m'ma 1970 ndi nyimbo za Zamrock. Anzake ambiri a m'bandiyo anamwalira, iye akukumba miyala ya mtengo wapatali, kenako akubwerera pa siteji ndi anyamata a ku Ulaya. Lazarus ya David Darg, ya chaka chomwecho, ndi ya Lazarus Chigwandali, woyimba wachialubino amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe pa nthawi imene anthu achialubino ankasakidwa. Mafilimu onse awiriwa anachita ntchito yaikulu, anasunga mawu ndi nkhope, anatsegula zitseko kunja. Koma muzitchera khutu pa kasimbidwe kakuti mlendo wabwera, wapeza munthu wotayika. Anatayika kwa ndani? Amene ankavina WITCH ku Kitwe, kapena amene ankaponya ndalama m'mbale ya Lazarus mu Lilongwe, sanafunikire kuuzidwa. Onani kuti ndi mphindi zingati zaperekedwa kwa mlendoyo ndi ulendo wake, ndi zingati kwa anthu a pamalopo.

Wojambula akakhala wa konko, mphamvu ndi kufooka zimasinthana malo. Bobi Wine: The People's President, ya woyimba wa ku Uganda amene anapikisana pa upulezidenti, imene inapikisana nawo pa Oscar mu 2024, anaijambula Moses Bwayo wa ku Uganda pamodzi ndi Christopher Sharp. Bwayo anali mkati mwenimweni, anamangidwapo, anawomberedwapo ndi chipolopolo cha labala kumaso. Kamera ili m'galimoto, ili m'nyumba pamene Bobi Wine ndi mkazi wake Barbie akutumiza ana kunja chisankho cha January 2021 chisanafike. Mlendo wongobwera kwa milungu iwiri sangajambule zotero. Koma kuyandikana komweko kumachititsa kuti musamve funso lolimba lililonse kwa munthuyo, monga zimene angachite atalowa m'boma. Nenani zonse ziwiri.

Soundtrack to a Coup d'Etat ya Johan Grimonprez, ya 2024, ndiyoika payokha. Ikuluka nyimbo za jazi ndi kuphedwa kwa Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo: Louis Armstrong akutumizidwa ndi boma la America ku Congo mu 1960, Abbey Lincoln ndi Max Roach akulowa mwa chionetsero ku United Nations mu February 1961. Ndi ya mphindi 150, yodzaza ndi mawu olembedwa amene amathamanga. Imeneyi yokha ndikulolani kuimitsa koyamba komwe, ndipo pa foni musayese n'komwe.

Ponena chigamulo chanu

Mukamauza anzanu pa WhatsApp kapena pocheza, yambani ndi chimene filimuyo inkayesa kuchita, chifukwa si bwino kudzudzula documentary ya usiku umodzi kuti sinafotokoze moyo wonse wa munthu. Kenako tchulani malo amodzi pamene yakwanitsa ndi amodzi pamene yalephera, mphindi yake ndi chifukwa chake. Mathero musaulule musanachenjeze. Ngati n'kotheka, kachiwiri muonere ndi munthu amene nkhaniyo inamudutsa, monga amayi kapena agogo amene anaphika gaga mu 2002, kapena malume amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Copperbelt. Iwo amaona zimene inu simungaone, ndipo akayamba kutsutsana ndi kanema musawaletse, imitsani filimu mumve.

Mafunso omwewa muwasungire oyimba athu. Soja Lucius Banda anatisiya mu June 2024, ndipo moyo wake unali ndi nyimbo, ndale ndi ndende, zonse zofunika munthu wosaopa kufunsa. Evison Matafale anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi. Aliyense wobweretsa documentary ya Matafale, ine ndidzayamba ndi mayina a kumapeto kuti ndione amene walipira, kenako ndidzafufuza kuti masiku ake omalizawo awapatsa mphindi zingati ndipo alola ndani kuyankhula.